Mafunso ndi mayankho: Bambo Georgy Shavelsky, wansembe wa Orthodox yemwe ankayang'anira ansembe a asilikali ku Russia

Anthu akangomva kuti ku mpingo wa Orthodox kuli ansembe oyenda ndi asilikali kunkhondo, mafunso ake amakhala omweomwewa: amanyamula mfuti? ali ndi mkazi? bwana wake ndi bishopu kapena jenelo? Ndiye tawasonkhanitsa pamodzi, ndipo mmalo moyankha mwa chisawawa tatsata moyo wa munthu mmodzi yemwe zonsezi anadutsamo yekha. Ngati mwabwerera za malamulo okhaokha, dumphirani pa funso la mfuti.

Kodi Georgy Shavelsky ameneyu anali ndani?

Anali wansembe wa mpingo wa Orthodox wa ku Russia, anabadwa mu 1871 nkumwalira mu 1951. Chomwe amatchukira kwambiri nchoti kuyambira 1911 mpaka ufumu wa ku Russia kugwa mu 1917, iwowa ndi amene anali mkulu wa ansembe onse a asilikali, apamtunda ndi apamadzi omwe. Udindowo unkatchedwa protopresbyter. Ndiye nkhondo yoyamba ya dziko lonse ija, yomwe kuno inafika mpaka ku Karonga mu 1914, iwo anaionera pafupi penipeni, ku likulu la asilikali, nthawi zambiri akudya tebulo limodzi ndi akuluakulu ankhondo komanso mfumu Nicholas II imene. Anali omaliza kukhala pampandowo mu nthawi ya mafumu.

Orthodox yake ndi iti, si Katolika yomwe ija?

Ayi, ngakhale kuonera patali zimafanana, zovala, lubani, makandulo, masakalamenti. Mipingo iwiriyi inasiyana kalekale, chaka chomwe anthu amakonda kutchula ndi 1054. A Orthodox alibe Papa, ali ndi mipingo yoima payokha monga wa ku Greece, Serbia, Romania, Bulgaria, Russia, ndipo yambiri imatsogoleredwa ndi patriarch, bishopu wamkulu wa mpingowo. A Orthodox a kuno ku Malawi ndi ku Zambia kuyambira kale akhala ali pansi pa patriarch wa ku Alexandria, ku Egypt, ngakhale kuyambira kumapeto kwa 2021 a ku Moscow nawonso anatsegula nthambi yawo muno mu Africa, nkhani yomwe yabweretsa mkangano waukulu.

Chimodzi choti mugwire kuti nkhani yonseyi imveke: nthawi ya a Shavelsky mpingo wa ku Russia unalibe patriarch. Mfumu Peter Wamkulu inathetsa mpandowo nkuika Sinodi, bungwe la akuluakulu a mpingo, mu 1721, ndipo Sinodiyo inkayang'aniridwa ndi nduna ya boma, munthu wamba osati wansembe. Kunena mosapsatira mpingo unali ngati unduna wa boma basi.

Anachokera ku banja lolemera kuti afike pamenepo?

Ata pang'ono. Anabadwira mmudzi wa Dubokray, chigawo cha Vitebsk, bambo awo anali munthu wotsikitsitsa pa ogwira ntchito mtchalitchi, uja wowerenga ndi kuimba masalimo pomwe wansembe akutsogolera mapemphero. Nthawi imeneyo ku Russia unsembe unkayenda mmagazi, mwana wa munthu wa tchalitchi ankapita sukulu za tchalitchi, nkukwatiranso mwana wa wansembe, choncho njira yawo inali yolambulidwa kale. Anamaliza seminale ya ku Vitebsk mu 1891, nkuyamba ntchito yomwe ija ya bambo awo yoimba masalimo kumudzi, ndipo unsembe anadzalandira mu 1895.

Dikirani kaye, wansembe amakwatira?

Eya, ku Orthodox ansembe ambiri a mmaparishi ndi apabanja. Koma pali lamulo lake, ukwati uchitike munthu asanadzozedwe. Ukangolandira udikoni usanakwatire ndiye kuti basi, zako zatha, ndipo mkazi akamwalira suloledwa kukwatiranso uli wansembe. Mabishopu okha ndi amene amasankhidwa pakati pa amonke, anthu opanda banja.

Zimenezi zinawakhudza a Shavelsky molunjika. Mkazi wawo anamwalira mu 1897, nkuwasiyira mwana wamkazi wamng'ono. Munthu wa zaka 26, kumudzi, kukwatiranso nkosatheka. Ansembe ambiri ofedwa chonchi ankalowa umonke, ndipo kwa munthu wanzeru imeneyo inali njira yachidule yokafika pa ubishopu, koma iwo sanalowe umonke, anabwerera kusukulu. Mu 1898 anapita ku akademi ya zaumulungu ku St Petersburg nkumaliza mu 1902. Zoti anakhalabe wansembe wamba wofedwa zidzabweranso pa funso la mabishopu mmunsimu.

Nanga zausilikali analowamo bwanji?

Atamaliza akademi anaikidwa pa tchalitchi cha Suvorov, chomwe chinali cha sukulu yophunzitsa maofesala akuluakulu ku St Petersburg, ndiye akhristu awo anali anthu amene mawa lake adzakhale majenelo. Nkhondo ya Russia ndi Japan itayamba mu February 1904 anadzipereka okha kupita ku Manchuria, kumpoto chakummawa kwa China, ngati wansembe wa gulu la 33 la asilikali a kummawa kwa Siberia. Ku Liaoyang bomba linaphulika pafupi nkuwavulaza, ndipo chaka chisanathe anali atakwezedwa kukhala mkulu wa ansembe a gulu lonse loyamba la nkhondo la ku Manchuria. Anapatsidwa mtanda wa pachifuwa wa golide wokoleka pa lamba wa George Woyera, mphoto yomwe wansembe ankalandira pokhapokha wachita zaukatswiri zipolopolo zikulira.

Russia inaluza nkhondo imeneyo moipa, ku Mukden pamtunda ndi ku Tsushima panyanja mu 1905. Kwa a Shavelsky inali sukulu, anaona ndi maso awo kuti ansembe ambiri amafika kunkhondo osadziwa kuti aime pati, achite chani.

Ntchito yeniyeni ya wansembe kunkhondo ndi chani? Kungopemphera?

Apa ndi pomwe anthu ambiri amaphonya. Mu July 1914, kutangotsala masabata ochepa kuti nkhondo yaikulu iyambe, a Shavelsky anaitanitsa msonkhano woyamba wa ansembe a asilikali a dziko lonse ku St Petersburg, ndipo anatulukamo ndi malangizo olembedwa. Mukawawerenga mumaona kuti theka lake ndi ntchito yamanja, yonunkha, yoti munthu sangaijambulitse. Nkhondo ikamamenyedwa malo a wansembe ndi pomwe akumangira mabala kufupi ndi mzere wakutsogolo, osati kumbuyo ndi katundu. Athandize dokotala kumanga mabala, ayang'anire kunyamula ovulala ndi akufa kuwachotsa pabwalo la nkhondo, amve kulapa kwa amene akutsirizika nkuwapatsa Ukalistia, aike maliro mwaulemu, asamale manda kuti asasowe, alembe kalata kumudzi kudziwitsa mayi kapena mkazi kuti mwana wanu uja wagwa pakuti pa tsiku lakuti. Anauzidwanso kukhazikitsa timagulu tothandiza mabanja a ophedwa ndi olumala, ndi kuyenda ndi mabuku oti asilikali aziwerenga.

Zamakalata zija musazione mopepuka. Asilikali ambiri anali alimi a kumudzi, ochuluka osadziwa kulemba, ndipo banja likapanda kulandira kalata ya wansembe limatha kukhala zaka osadziwa ngati munthu ali moyo, mkazi osadziwa ngati ndi wamasiye kapena ayi.

Koma tisanamizane, panalinso mbali ina. Boma linkayembekezera kuti wansembe azilimbitsa asilikali mtima kuti amenye nkhondo, azilalikira kumvera mfumu ndi maofesala, aziwalumbiritsa. Mbali imeneyi ndi imene inadzawaluma mu 1917.

Amanyamula mfuti?

Ayi. Malamulo akale a mpingo ndi omveka, lamulo la 83 la omwe amatchedwa malamulo a Atumwi likuti bishopu, wansembe kapena dikoni wolowa usilikali achotsedwe pa udindo, ndipo msonkhano wa ku Chalcedon wa mu 451 unabwerezanso pa lamulo lake la 7. Maganizo ake ndi oti dzanja lopereka nsembe paguwa lisakhale ndi magazi a munthu. Amaitenga mozama moti ngakhale wansembe wopha munthu mwangozi, tinene pa ngozi ya galimoto, atha kuimitsidwa kutumikira paguwa.

Malamulo a dziko lonse nawo amagwirizana nazo. Pangano loyamba la ku Geneva la 1864 linateteza kale ansembe a asilikali pamodzi ndi achipatala, ndipo mapangano a 1949 amati akagwidwa sawerengedwa ngati akaidi a nkhondo, atha kungosungidwa kuti azitumikira anzawo ogwidwa. Chitetezo chimenechi chimadalira kuti asamenye nawo nkhondo. Wansembe akangonyamula mfuti nkuyamba kuwombera wataya zonse ziwiri, za mpingo ndi za Geneva.

Nanga zija timamva zoti ansembe ankatsogolera asilikali atanyamula mtanda, ndi zoona?

Zinachitikadi, koma osati tsiku ndi tsiku. Bambo Vasily Vasilkovsky anayenda kutsogolo kwa gulu lawo ndi mtanda pa nkhondo ya ku Maloyaroslavets mu 1812 polimbana ndi Napoleon, anavulazidwa, ndipo mu 1813 anakhala wansembe woyamba kulandira mendulo ya George Woyera, yomwe inali ya maofesala. Bambo Stefan Shcherbakovsky anachita chimodzimodzi pa mtsinje wa Yalu mu 1904 gulu lawo litazingidwa ndi a Japan, nawonso anavulala nkulandira mendulo yomweyo.

Nkhani zimenezi ndi zomwe zimajambulidwa pa zithunzi, koma ine ndimaona kuti zimaphimba ntchito yeniyeni yomwe tafotokoza pamwambapa. Ndipo funso limakhalapobe, munthu woletsedwa kuwombera koma akuitana anzake kuti tiyeni tikawombere, wasiyana patali bwanji ndi wowomberayo? A Orthodox enieniwo sagwirizana chimodzi pa yankho lake.

Mapemphero a Ukalistia amachitira pati kutchire kopanda tchalitchi?

Chinsinsi chake ndi kansalu kotchedwa antimins. Pamakhala chithunzi cha Yesu akuikidwa mmanda, mkati mwake amasokeramo kachidutswa ka zotsala za woyera mtima, ndipo bishopu amasainapo. Popanda kansaluka wansembe wa Orthodox sangachite Liturgy, mwambo wa Ukalistia, koma akakhala nako atha kuyala pa tebulo mu tenti, mchipinda cha sitima yapamadzi, ngakhale mnkhokwe, zatheka. Magulu ankhondo ankayenda ndi tchalitchi cha tenti ndi zithunzi za oyera zopindika. Kwa ovulala wansembe ankanyamula Ukalistia wosungidwa kale mu kabokosi kakang'ono kolendewera pachifuwa. Nkhondo ikayandikira nthawi yomva kulapa mmodzimmodzi imasowa, ndiye ankalapitsa gulu lonse pamodzi.

Pa sitima zankhondo kawirikawiri ankaikapo ansembe achimonke, poti iwo alibe banja loti alisiye miyezi yambirimbiri.

Udindo wa protopresbyter unali waukulu bwanji, ndipo bwana wake anali ndani?

Mbiri yake mwachidule: Peter Wamkulu ndi amene anaika mmalamulo a asilikali a 1716 kuti gulu lililonse likhale ndi wansembe, ndi a apamadzi mu 1720. Mfumu Paul I inaika mkulu mmodzi woyang'anira onse mu 1800, ndipo dzina loti protopresbyter linayamba mu 1890. A Shavelsky anapatsidwa mpandowu ali ndi zaka 40 zokha. Ansembe sankavala nyota, koma pa ulemu ndi malipiro ankafanizidwa ndi maudindo a usilikali, ndipo protopresbyter ankawerengedwa pa mlingo wa lieutenant general. Nkhondo isanayambe anali ndi ansembe pafupifupi 730, ili mkati chiwerengero chinadutsa 5,000. Ndi dayosizi yaikulu imeneyo, yomwazikana kuchokera ku nyanja ya Baltic mpaka ku Caucasus.

Za bwana ndiye pamavuta. Pa zauzimu ankayankha ku Sinodi, pa ndalama ndi kayendetsedwe ka ntchito ankadalira unduna wa zankhondo, kenako analinso ndi mwayi wokaonana ndi mfumu maso ndi maso. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, apa anali atatu. Choonjezera, iwo sanali bishopu, ndiye sakanatha kudzoza wansembe ngakhale mmodzi, ankadalira mabishopu a mmadayosizi kuti awatumizire anthu, ndipo ankadandaula kuti ena amangotumiza okalamba ndi amene akufuna kuthana nawo. Mabishopu ena nawo sizinkawasangalatsa kuti wansembe wamba akulamulira ansembe ochuluka kuposa iwo. Mu 1915 analowetsedwa mu Sinodi momwemo, kukhala tebulo limodzi ndi anthu omwewo.

Msilikali yemwe sanali wa Orthodox ankatani?

Ufumu wa Russia unali ndi mitundu yambiri, ndiye munali Akatolika a ku Poland ndi Lithuania, a Lutheran a ku Baltic, Asilamu achi Tatar, Ayuda. Ansembe a Katolika, abusa a Lutheran ndi ma mullah analipo, koma ochepa kwambiri poyerekeza, ndiye pomwe akumangira mabala nthawi zambiri wopezekapo anali wa Orthodox yemweyo. Masakalamenti sangapereke kwa wa mpingo wina, koma kunyamula wovulala, kumumwetsa madzi ndi kulemba kalata kwawo sizifunsa mpingo.

Nkhani yawo ndi Rasputin inali yotani?

Choyamba tikonze bodza lofala: Grigori Rasputin sanali wansembe, sanalinso mmonke. Anali mlimi wa ku Siberia yemwe anatchuka ngati munthu wa mapemphero, ndipo mfumukazi Alexandra inamukhulupirira kwambiri chifukwa mwana wawo yekhayo wamwamuna, Alexei, anali ndi matenda oti magazi sagwirana akavulala, ndipo mayiyo ankaona kuti Rasputin akapemphera mwana amapeza bwino. Vuto linali loti mawu ake anayamba kufika pa kusankha nduna ngakhale mabishopu. Bishopu Pitirim atapatsidwa mpando wa ku Petrograd, dzina latsopano la St Petersburg, mu 1915, tauni yonse inkati ndi munthu wa Rasputin, ndipo a Shavelsky sankamufuna ngakhale pang'ono.

Likulu la asilikali linayambira ku Baranovichi pansi pa Nicholas Nikolaevich, wachibale wa mfumu yemwe ankadana naye Rasputin. Mu 1915 likulu linasamukira ku Mogilev ndipo mfumu inatenga yokha utsogoleri wa nkhondo, zomwe zinapangitsa kuti a Shavelsky azionana nayo pafupipafupi. Mu 1916 anaiuza pamaso kuti asilikali mmaenje akukamba za Rasputin, dzina la banja lachifumu likunyozeka, ndipo zikapitirira chonchi kukubwera tsoka. Malinga ndi mmene iwo anafotokozera, mfumu inamvetsera modekha, mwaulemu, osakwiya, kenako palibe chinasintha. Rasputin anadzaphedwa mu December 1916 ndi Felix Yusupov ndi anzake, ndipo patangopita miyezi itatu mfumu inatula pansi udindo.

Apa ndimawapatsa ulemu a Shavelsky. Anthu ambiri ozungulira mfumu ankadziwa zomwezo nkumangong'ung'udzira mmakona, poti amene walankhula ankachotsedwa ntchito. Munthu amene udindo wake wonse ukudalira chisomo cha mfumu kukanena zimenezo, si zamasewera.

Ufumu utagwa mu 1917, ansembe a asilikali zinawathera bwanji?

Zinawathera moipa komanso mwachangu. Mu March 1917 asilikali anayamba kusankha makomiti awoawo, mantha pa maofesala anatha, kupita ku mapemphero sikunalinso kokakamiza, ndipo matchalitchi a tenti aja anayamba kukhala opanda anthu. Apa ndi pomwe zinaoneka kuti zambiri zomwe zinkaoneka ngati chikhulupiriro zinali chabe kumvera lamulo. Wansembe wolalikira kuti tipitirize nkhondo ankaonedwa ngati wa mbali ya mabwana, anthu atatopa ndi zaka zitatu za kufa, akufuna kubwerera kumudzi kukagawana minda. Onani zomwe tanena kumapeto kwa funso la ntchito yeniyeni, ngongole ija inabwezedwa apa.

Ansembe anzawo anawasankhanso a Shavelsky pa msonkhano wa ku Mogilev mu July 1917, ndipo pa msonkhano waukulu wa mpingo wonse womwe unayamba ku Moscow mu August anali mmodzi wa achiwiri kwa wapampando. Msonkhano umenewo ndi umene unabwezeretsa mpando wa patriarch, bishopu Tikhon nkusankhidwa mwa maere mu November. Koma a Bolshevik, achikomyunizimu aja a Lenin, anali atalanda kale boma, ndipo mu January 1918 analamula kuti ntchito ya ansembe a asilikali yathetsedwa.

Ndiye kuti anasiyira pomwepo?

Ayi, anathawira kummwera nkukalowa mbali ya asilikali otchedwa Oyera, omwe ankamenyana ndi a Bolshevik. Jenelo Anton Denikin anawaika kukhala mkulu wa ansembe a gulu lake, ndipo iwo ndi amene anakankha kuti pachitike msonkhano wa ku Stavropol mu May 1919, womwe unakhazikitsa utsogoleri wa mpingo wongogwirizira kumadera omwe sankatha kulumikizana ndi Moscow.

Gawo ili la moyo wawo ndi lovuta kuliteteza. Iyi sinali nkhondo yolimbana ndi mdani wakunja, anali a Russia okhaokha kuphana, obatizidwa mbali zonse ziwiri. Patriarch Tikhon mwini wake anakana kudalitsa gulu la Oyera. A Bolshevik anapha ansembe ndi mabishopu, zimenezo ndi zoona, koma asilikali a Denikin nawonso anabera anthu wamba ndi kupha Ayuda ochuluka ku Ukraine mu 1919. Wansembe wa asilikali pa nkhondo yapachiweniweni sangati ndikungotumikira anyamata, poti kupezeka kwake komweko kukuuza anthu kuti Mulungu ali mbali iyi.

Denikin atatula pansi mu 1920, wolowa mmalo mwake Pyotr Wrangel anawachotsa nkuikapo bishopu Veniamin Fedchenkov. Chaka chomwecho anatuluka mu Russia ndipo sanabwererenso.

Anathera kuti?

Ku Sofia, Bulgaria, komwe anakhala zaka zoposa 30. Kuchoka pa kudya ndi mfumu anakhala mphunzitsi, ku seminale, ku yunivesite ya Sofia mbali ya zaumulungu, ndi ku sukulu ya ana a othawa kwawo. Sankagwirizana kwenikweni ndi mabishopu a ku Russia omwe anathawira ku Serbia ndipo ankalotabe zobwezeretsa ufumu. Asilikali a Soviet anadzawapeza konko mu September 1944, koma anafa imfa ya mwachilengedwe pa 2 October 1951 nkuikidwa ku Sofia komweko.

Chodabwitsa nchoti Bulgaria yomwe inawasunga inali mbali ya adani pa nkhondo ija, inalowa mu 1915 kumbali ya Germany nkumamenyana ndi Serbia, Russia ndi Romania, onsewo a Orthodox.

Eya, mbali zonse ziwiri zikakhala za Orthodox, wansembe amapempherera ndani kuti apambane?

Funso ili limabwera kwambiri masiku ano chifukwa cha Ukraine, koma si lachilendo. Chitsanzo chomwe a Orthodox amakonda kutchula ndi cha nkhondo yomwe ija a Shavelsky anali ku Manchuria. Ku Tokyo kunali bishopu wa ku Russia, Nicholas Kasatkin, yemwe anayambitsa mpingo wa Orthodox ku Japan. Nkhondo itayamba sanathawe, anauza akhristu ake achi Japan kuti pemphererani dziko lanu ndi mfumu yanu poti ndi udindo wanu, koma iye mwini anasiya kutsogolera mapemphero apagulu nthawi yonse ya nkhondoyo chifukwa sakanatha kupempherera kugonja kwa dziko lake. Kenako ansembe ake achi Japan ndi amene ankatumikira akaidi a ku Russia oposa 70,000 omwe anali mmakampu.

Lero zili mosiyana. Patriarch Kirill wa ku Moscow wakhala akuikira kumbuyo nkhondo ya ku Ukraine poyera, ndipo mu 2023 wansembe wa ku Moscow, Ioann Koval, anachotsedwa unsembe chifukwa pa pemphero lomwe analamulidwa ankapempha mtendere mmalo mwa chipambano. Mbali inayo ansembe a Orthodox a ku Ukraine akuika maliro a asilikali awo ndi mapemphero omwewo, nyimbo zomwezo.

Msilikali amene wapha kunkhondo amaloledwa kulandira Ukalistia?

Basil Woyera wa ku Caesarea, yemwe anamwalira mu 379, analemba kuti makolo athu sanawerenge kupha kunkhondo ngati kupha kwa chigawenga, komabe ndi bwino munthu wotere akhale zaka zitatu osalandira poti manja ake si oyera. Ndi lamulo lake la 13. Kunena zoona silinatsatidwe kwenikweni ndendende, wansembe womva kulapa ndi amene amaona mmene munthuyo alili, koma silinafufutidwenso, ndipo linagwirapo ntchito nthawi ina yofunika. Mfumu ya ku Constantinople Nikephoros Phokas, yomwe inalamulira kuyambira 963 mpaka 969, inafuna kuti asilikali ofera kunkhondo azilemekezedwa ngati ofera chikhulupiriro. Patriarch Polyeuktos ndi mabishopu anakana, nkutchula lamulo la Basil lomweli. Ndiye mukamva mlaliki akulonjeza kuti kufera kunkhondo kumafufuta machimo onse, dziwani kuti mpingo womwewo unakanapo zimenezo zaka zoposa 1,000 zapitazo.

Masiku ano ansembe a asilikali a Orthodox alipobe?

Alipo. Ku Greece sanasiye nkomwe, ndipo kumeneko amakhala ndi maudindo a uofesala. Ku Russia ntchitoyi inabwezeretsedwa mu 2009 pa nthawi ya pulezidenti Dmitry Medvedev, patatha zaka 91 chiithetsereni. Ukraine inakhazikitsa lamulo lake la ma chaplain, ansembe a asilikali, kumapeto kwa 2021, miyezi yochepa nkhondo yaikulu isanayambe. Ku America wansembe woyamba wa Orthodox kulowa ngati chaplain wa asilikali anali Bambo Vladimir Borichevsky mu 1943, ndipo kumeneko chaplain amatumikira msilikali aliyense posayang'ana mpingo, kupatula pa masakalamenti.

Kulikonseko mfundo imodzi sisintha, wansembe sangangodzuka nkukalembetsa yekha, amafunika chilolezo cha bishopu wake, ndipo bishopuyo akachichotsa ntchito yatha.

A Shavelsky ndi woyera mtima wa mpingo?

Ayi, sanalengezedwe kukhala woyera. Tikhon analengezedwa mu 1989, Nicholas wa ku Japan mu 1970, ngakhale mfumu Nicholas II ndi banja lake mu 2000, koma iwowa ayi. Anali munthu wa dongosolo, wolimba mtima, wa pakamwa pakuthwa, ndipo adani anali nawo okwanira.

Zomwe analemba tingazikhulupirire?

Zikumbutso zawo zinasindikizidwa ku New York mu 1954, atamwalira kale, ndipo olemba mbiri amazigwiritsa ntchito kwambiri chifukwa ndi anthu ochepa amene anali mkati mwa likulu la asilikali ndi mkati mwa Sinodi nthawi imodzi. Koma werengani mukudziwa kuti wolembayo anali ndi mbali. Amene ankawakonda amawalemba bwino, mfumukazi ndi mabishopu ena sawasiyira mpata, ndipo pa zokambirana za anthu awiri okha, ngati zija za mfumu ndi Rasputin, mboni ndi iwo okha. A Russia okonda ufumu mpaka lero amawakwiyira kuti anaonetsa mfumu ngati munthu wofooka.

Bwanji masiku a kubadwa kwawo amasiyana, pena 6 January pena 18 January?

Onse ndi olondola. Russia inkagwiritsa ntchito kalendala yakale mpaka February 1918, yomwe mzaka za mma 1800 inkatsalira ndi masiku 12, ndipo kuyambira 1900 ndi masiku 13. Ndiye 6 January 1871 pa yakale ndi 18 January pa yomwe tikugwiritsa ntchitoyi. Nchifukwa chakenso kuukira kwa a Bolshevik kumatchedwa kwa October pomwe kunachitika pa 7 November, komanso mpingo wa ku Russia umachita Khirisimasi pa 7 January. Tsiku la imfa yawo lokha silivuta, Bulgaria inali itasintha kale kalendala mu 1916.